Gemu yoonera wekha singakhalitse pa Kamwendo

Dzuwa likapendeka pa Kamwendo kapena pa boma la Mchinji, tsatirani phokoso la anyamata. Likufikitsani m'kachipinda kamdima momwe muli wailesi yakanema, benchi ndi PlayStation yotopa. Osewera mpira wa pakanemawo ndi awiri okha, koma oonerera adzaza mpaka pakhomo, ndipo aliyense wasanduka kochi.

"Menya! Patsira mnzako! Woluza adzuke!"

Makina otere ambiri ndi a kaunjika, ndipo ena amadzera ku Chipata n'kulowera pa chipata cha Mwami. PlayStation 2 idatuluka m'chaka cha 2000 ndipo idagulidwa yoposa 150 miliyoni, n'chifukwa chake zipangizo zake sizivuta kupeza. Ikafa, mmisiri wokonza mawailesi amaphwasula ina n'kuidzutsa.

Kumaiko a azungu ndi ku Japan kulinso anthu okonda makina akale, koma iwo amasakasaka amene adakanika pamsika. Wotchuka pa onsewo ndi Virtual Boy, amene kampani ya Nintendo idatulutsa mu 1995 motsogozedwa ndi Gunpei Yokoi, mkulu yemwe adapanganso Game Boy.

Chinsinsi chake choonetsera zakuya n'chakale. Mu 1838, Charles Wheatstone wa ku England adaonetsa kuti diso lililonse likapatsidwa chithunzi chakechake, chosiyana pang'ono ndi chinzake, ubongo umaziphatikiza ndipo munthu amaona zina pafupi, zina patali. Yesani nokha: imikani chala patsogolo pa mphuno, tsinzinani diso limodzi kenako linalo. Chalacho chidumpha. Makampani a Sega ndi Nintendo adayesapo nzeru imeneyi mu 1987 ndi magalasi otsekeka mosinthanasinthana.

Virtual Boy ankaikidwa patebulo pa timiyendo tiwiri, wosewera n'kuweramira kulowetsa nkhope. M'katimo munali timagetsi tofiira ndi tikalilole tonjenjemera, choncho zonse zinkaoneka zofiira ndi zakuda basi. Anthu adadandaula za mutu, maso ndi khosi. Makinawo ankathanso kuimitsa gemu okha kuti munthu apumule. Adagulidwa pafupifupi 770,000, magemu ake adangokwana 22, ndipo pofika 1996 malonda adatha.

Kusowako ndiko kwawakweza mtengo lero. Osonkhanitsa amalimbirana magemu monga Virtual Boy Wario Land. Vuto lodziwika la makinawo ndi guluu womata tinthambo ta m'maso mwake: akakalamba amamatuka, chithunzi n'kuyamba mizeremizere. Mankhwala ake ndi kuwotcherera, ntchito imene mmisiri wa mafoni pa boma angaigwire kadzutsa asanapse.

Komabe Virtual Boy atafika pa Kamwendo, mwini chipinda angalire. Chingwe cholumikizira osewera awiri sichidagulitsidwe n'komwe. Munthu mmodzi walowetsa mutu m'kabokosi, akuseka yekha, enawo akungoona nkhongo yake. Ndani angachemerere? Ndani angatsutse chigoli? Nanga mwana wopanda ndalama, yemwe amadzera kuonerera kwaulere podikira tsiku lomwe adzagulitse mtedza wokunkha, angapezepo chiyani?

Nintendo idabwereranso ndi 3DS mu 2011, yoonetsa zakuya popanda magalasi, ndipo iyo idayenda malonda. Koma nayonso kuti uone bwino uyenera kuiyang'ana chamaso, uli wekha.

Pa Kamwendo, magetsi akathima chipinda chonse chimabuula pamodzi, kenako mkangano wa yemwe amatsogola umatulukira panja n'kupitirira mpaka pa chiwaya cha tchipisi.