Oyeza magazi a ku Ruarwe

Ku Ruarwe katundu wambiri amabwera pamadzi. Mudziwu uli m'tsinde mwa mapiri kumpoto kwa boma la Nkhata Bay, ndipo wofuna kufikako amadalira sitima ya Ilala, maboti, kapena miyendo yake kuchokera ku Usisya. Malo otere alibe labotale yaikulu, komabe magazi amayezedwa ndithu. M'zipatala zazing'ono za kumudzi ntchitoyi imagwera anamwino, madokotala aang'ono, ndi alangizi a zaumoyo aja a yunifolomu yabuluu, amenenso amaona ana osakwana zaka zisanu m'midzi.

Chida chawo choyezera malungo ndi kapulasitiki koyera kotalika ngati chala, kamene Malawi anayamba kukagwiritsa ntchito dziko lonse mu 2011. Woyeza amavala magolovesi, amapukuta chala cha mwana ndi spiriti, n'kubaya kamodzi. Kadontho ka magazi amakaika m'kabowo, madontho a mankhwala m'kabowo kena, kenako amadikira mphindi 15 kapena 20 malinga ndi mtundu wa chidacho. Mzere ukaoneka pa chilembo C pokha, malungo sanapezeke. Ikaoneka iwiri, alipo. Pa C pakakhala poyera, ndiye kuti chida chakanika, ayambirenso. Kudikirako n'kovuta mwana akulira ndipo mzere wa odwala wafika panja, koma wowerenga msanga amanamiza wodwala.

Pali antchito ena amene mayi wa ku Ruarwe sadzawaona. M'kati mwa kapulasitikiko muli kapepala kopakidwa ma antibody, asilikali a m'thupi opangidwira mu labotale kuti azigwira chinthu chimodzi chokha. Njira yowapangira anaitulukira Georges Köhler ndi César Milstein ku Cambridge mu 1975, ndipo inawapatsa mphoto ya Nobel mu 1984. Asilikali a m'chida cha malungo amagwira puloteni yotchedwa HRP2, yochokera ku kachilombo ka Plasmodium falciparum. Ikagwidwa, mzere umafiira.

Woyeza wodziwa ntchito amadziwanso pamene chida chimalekezera. Puloteniyi imakhalabe m'magazi kwa milungu ingapo munthu atachira, choncho amafunsa kaye: "Amayi, mwanayu wamwa mankhwala a malungo a LA posachedwapa?" Kwina zinafika poipa. Ku Eritrea tizilombo tambiri tinapezeka kuti sititulutsa HRP2 n'komwe, mpaka dzikolo linasintha zida mu 2016. N'chifukwa chake akatswiri a maikulosikopu, monga a pachipatala cha boma ku Nkhata Bay ndi chachikulu cha Mzuzu, ntchito yawo sinathe.

Koma pamene ine ndimawalemekezera kwambiri oyeza a kumudziwa ndi pa mzere umodzi uja. Mayi wapalasa bwato m'mamawa, mwana thupi lili moto, ndipo chida chikuti malungo mulibe. Mayiyo akuyembekezera LA, chifukwa kwa ambiri a ife kutentha thupi kulikonse ndi malungo. Kumupatsa n'kosavuta ndipo angapite akuthokoza. Wantchito wokhulupirika amakana mwaulemu, n'kuyamba kufufuza: amawerenga kapumidwe ka mwana kuopa chibayo, amaona m'makutu ndi kukhosi, amafunsa za kutsegula m'mimba.

Udzudzu sufalitsa malungo okha. Wa mtundu wa Aedes, umene umaluma masana, umanyamula mavairasi a dengue ndi chikungunya, ndipo chikungunya chinadziwika koyamba kwa anansi athu ku Tanzania mu 1952. Chida cha malungo sichiona mavairasi amenewa. Dengue ili ndi chida chake, chopangidwa mofananamo, chimene asilikali ake amagwira puloteni ya NS1, koma sichili pakati pa zida za tsiku ndi tsiku za zipatala zathu za kumudzi. Dziko logawana nyanja ndi Tanzania ndi Mozambique liyenera kuganizapo mofatsa, ndi kuphunzitsa oyeza athu za matendawa asanatipeze tili m'tulo.

Ntchito yotsala siioneka: kusunga makatoni pamalo ozizirirapo m'nyengo ya Okutobala, kuona deti pa paketi iliyonse, kutaya singano m'bokosi lake, kulemba zotsatira m'kaundula kuti oda ya mwezi wamawa isaperewere. Ndipo mwana akakhala wofooka kwambiri, woyeza yemweyo amakhala nawo pokambirana ndi makolo za kalata yotumizira wodwala ndi za boti, ngakhale m'miyezi ya mwera pamene eni maboti amazengereza kulowa panyanja.