KUKONZA MISEU NDI MAGOMBE KU RUFUNSA

 Ambiri a inu, popita kwanu kum'mawa kukaona abale, mumayenda pa mseu waukuru wa Great East Road. Mukapitirira Chongwe mulowa m'dziko la mapiri la Asoli, la mafumu Bunda Bunda, Mpanshya ndi Shikabeta. Dziko limeneli ndilo Rufunsa. Kale linali mbali ya Chongwe, koma m'masiku a President Michael Sata linapatsidwa boma lacelace. Lero tikambirana funso limodzi: kodi boma latsopano lotere liyale bwanji miseu yace ndi malo a m'mbali mwa madzi, nyumba zisanacuruke?

Tiyambe taona Lusaka. M'caka ca 1931 katswiri wina wa ku England, Professor Stanley Adshead, analemba mapulani a mzindawo, ndipo mu 1935 likulu la dziko linacoka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Iye anafuna mzinda wa miseu yotakata ndi mitengo yambiri. Koma makomboni ena, monga Kanyama, anakula popanda pulani, pa malo acidikha a matanthwe pamene madzi a mvula sacoka msanga. Mu 1978 madzi anasefukira m'Kanyama nagwetsa nyumba zambiri. Kolera imene inabuka mu October 2023 tiikumbukira tonse, pakuti odwala anacuruka kufikira bwalo la mpira la National Heroes linasanduka cipatala. Akuru anati madzi saiwala khwawa. Womanga pa njira ya madzi adzawapeza m'nyumba mwace.

Tsono nchito yoyamba ya wokonza mzinda ndiyo kuyenda pansi nthawi ya dzinja, kuona kumene madzi athamangira. Ku Rufunsa dziko liri lotsetsereka, madzi atsika ndi mphamvu nakokolola dothi. Cifukwa cace mseu uli wonse ufuna ngalande, ndipo ngalande ya pa mtsetse iyenera kuwakidwa ndi miyala kuti ingasanduke cigwembe. Pakati pa ngalande ndi masitolo pasiyidwe njira ya oyenda pansi, kuti ana a sukulu ndi amai osenza katundu asalimbane ndi magalimoto akuru opita ku Chipata ndi ku Malawi.

Nchito yaciwiri ndiyo mitengo. Amene anadikirapo basi m'mwezi wa October m'dziko lija adziwa kuti mthunzi suli cokometsera cabe. Koma mtengo uli wonse uli ndi malo ace. Msikidzi uyenera m'mbali mwa mseu ndi pa msika, pakuti masamba ace akhala obiriwira m'cilimwe. Mkuyu uli ndi mthunzi wabwino, koma mizu yace ing'amba ngalande ndi maziko a nyumba. Malo ace ndi ku mtsinje. Bulugamu amwa madzi ambiri, asabzalidwe pa kasupe. Ndipo mitengo yacibadwidwe imene iripo kale isathere ku makala, pakuti kusunga mtengo waukuru nkwapafupi koposa kudikira mbande zaka 20.

Nchito yacitatu ndiyo gombe. M'mbali mwa mtsinje muyenera kutsala dera losamangapo nyumba ndi losalimapo. Mizu ya bango, nsenjere ndi katope imanga dothi, ndipo madzi akasefukira apeza pofalikira osaononga za munthu. Dera lomwelo likhoza kukhala malo opumulirapo anthu onse, okhala ndi kanjira, mipando ndi poseŵerera ana. Zimbudzi ndi maenje a zinyalala zikhale kumtunda, kutali ndi madzi.

Pa mseu womwewu pali malo aŵiri amene onse apaulendo awadziwa. Oyamba ndi Chinyunyu, pamene madzi otentha atumphuka pansi pafupi ndi mseu. Kasupe wotere afuna kuti poimika magalimoto pakhale patali pang'ono, ndi kuti posambira ndi pocapira pakhale kumunsi kwa diso lace. Aciŵiri ali kum'mawa, pa ulalo wa Luangwa. Ulalo woyamba unamangidwa mu 1932, ndipo umene tiolokapo tsopano unatsegulidwa mu 1968. Pafupi pace pali msika wa nsomba zouma, madengu ndi masau. Mabasi akaima m'mphepete mwenimweni mwa mseu, ogulitsa athamangira pakati pa magalimoto. Malo opatukira mabasi, mthunzi ndi madzi osamba m'manja zingapulumutse miyoyo, ndi malonda omwe angakule.

Nchitoyi iri m'manja mwa khonsolo ndi mafumu, koma inunso muli ndi mbali yanu. Ambiri a inu mutumiza ndalama kukagula malo omangapo nyumba yopumuliramo mutaleka nchito. Musanalipire, funsani kumene mseu udzapita, funsani nkhalamba pamene madzi anafika caka ca cigumula, ndipo musadule mtengo umene suli pa maziko a nyumba. Kuongola mtengo m'poyamba. Tsalani bwino nonse.