Bokosi la NAS likamalira usiku wonse: kufufuza chimene chikutopetsa purosesa

NAS ndi bokosi losungira mafayilo limene limalumikizidwa ku rauta, kuti makompyuta ndi mafoni onse a pakhomo kapena a mu ofesi azitenga ndi kuikamo zinthu popanda kupatsirana fulashi. Dzinali ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Network Attached Storage. Mkati mwake mumakhala madisiki, kawirikawiri awiri kapena anayi, komanso fani, RAM ndi purosesa. Ndi kompyuta ndithu, kungoti ilibe sikirini. Mabokosi ambiri amayendera Linux, ngakhale kampani iliyonse imaiveka malaya akeake: a Synology amaitcha DSM, a QNAP amaitcha QTS, ndipo makampani awiri onsewa ndi a ku Taiwan. Kuno kunyanja ku Nkhotakota, bokosi lotere limathandiza ojambula maukwati ndi zinkhoswe, eni malo ogona alendo amene ali ndi makamera achitetezo, ndi maofesi ang'onoang'ono amene safuna kuti ntchito ya chaka chonse ikhale pa laputopu imodzi.

Vuto limene eni mabokosiwa amadandaula nalo kawirikawiri limayamba ndi phokoso. Fani ikulira osaleka, timagetsi ta madisiki tikuphethira usana ndi usiku, fayilo imene inkatseguka nthawi yomweyo ikuchedwa, ndipo tsamba la m'pulogalamu ya bokosilo lotchedwa Resource Monitor likusonyeza kuti purosesa ili pa 90 kapena 100 peresenti. Zikatero kwa mphindi khumi palibe nkhani, chifukwa purosesa inapangidwira ntchito. Nkhani imakhalapo nambala ija ikakana kutsika kwa masiku.

Choyamba kudziwa n'chakuti nambalayo si matenda ayi. Ili ngati kutentha kwa thupi: imangonena kuti penapake pali chovuta, koma sitchula malungo kapena chibayo. Amene wangoiona n'kuthamangira kuzula chingwe cha magetsi amakhala wawonjezera vuto, pa chifukwa chimene chioneke kutsogoloku. Funso loyenera ndi lakuti: ndi ntchito iti imene yagwira purosesa, ndipo purosesayo ikugwiradi ntchito kapena ikungodikira?

Yankho limapezeka mu Resource Monitor momwemo, pa mndandanda wa mapulogalamu amene akuyenda. Mndandandawo ukasanjidwa kuyambira wodya kwambiri, dzina limene lili pamwamba ndilo poyambira. Amene anazolowera kulemba malamulo pa kompyuta amatsegula njira yolowera m'bokosi kudzera pa kompyuta yotchedwa SSH, n'kulowa m'bokosimo, n'kulemba mawu akuti top. Pamwamba pa zimene zimatuluka pali timawu tinayi tofunika kuposa tina tonse. Ka us kamasonyeza nthawi imene purosesa ikuthera pa mapulogalamu, ka sy ndi ntchito za Linux mwini wake, ka id ndi nthawi imene ikupuma, ndipo ka wa ndi nthawi imene yangokhala chete kudikira disiki kuti iyankhe. Kusiyana kwa us ndi wa ndiko kumagawa nkhani yonse pawiri. Us ikakwera, pali pulogalamu imene ikuwerengetsa purosesa masamu. Wa ikakwera, purosesa ilibe mlandu. Ili ngati wogula amene waima pa kauntala ndalama zili m'manja, wogulitsa akufunafuna katundu kuseri. Kugula bokosi la purosesa yamphamvu sikungachotse kudikira kumeneko.

Pomwepo pamaonekanso manambala atatu otchedwa load average, osonyeza kuchuluka kwa ntchito zoyenda ndi zodikira pa mphindi imodzi, mphindi 5 ndi mphindi 15 zapitazo. Amawerengedwa poyerekeza ndi chiwerengero cha ma core, tizigawo togwira ntchito ta purosesa. Pa bokosi la ma core anayi, nambala ya 4 ikutanthauza kuti onse ali ndi chochita. Ya 12 ikutanthauza kuti mzere watuluka panja.

Pa zifukwa zonse, chofala kwambiri ndi chosaopsa. Wojambula akabwera kuchokera ku ukwati ku Dwangwa n'kutsanulira m'bokosi zithunzi zikwi zingapo ndi mavidiyo a tsiku lonse, bokosi limayamba lokha kuziwerenga chimodzichimodzi, kuzilemba m'kaundula wake, ndi kupanga tizithunzi ting'onoting'ono tija timaoneka munthu akamasakatula. Pa Synology mayina monga synoindexd ndi ffmpeg ndiwo amakwera pamwamba pa mndandanda. Mabokosi otsika mtengo amavutika nazo kwambiri: DS220j ya Synology, mwachitsanzo, ili ndi RAM ya 512 MB yokha, yochepera kutali pa ya foni wamba ya masiku ano. Ntchito imene laputopu ingamalize madzulo amodzi, bokosi lotere lingaichite masiku angapo. Apa kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene mwini angachite ndi kuchepetsa mafoda olembedwa m'kaundula, kuti mukhale okhawo amene anthu amaonera pa foni kapena pa TV. Mafoda a mavidiyo osakonza ndi a zosunga zakale alibe chifukwa chokhalira m'menemo.

Ntchito inanso yolemera ndi kusintha vidiyo pamene munthu akuionera. Mapulogalamu monga Plex akaona kuti foni kapena TV singathe kuwerenga fayilo momwe ilili, amauza bokosi kuti liyisinthe nthawi yomweyo, ndipo purosesa yaing'ono imafika pa 100 ndi woonera mmodzi yekha. Makamera achitetezo nawo amatero ngati ntchito yozindikira kuti chinthu chayenda yasiyidwa m'manja mwa bokosi m'malo mwa kamera. Kamera yoloza kunyanja imaona mafunde ndi masamba akugwedezeka tsiku lonse, makamaka nyengo ya mwera, ndipo bokosi silipuma.

Koma chifukwa chimene chimasautsa kwambiri kuno kwathu, chimenenso mabuku a makampani aja sachilabadira mokwanira, ndi kuthimathima kwa magetsi. Madisiki a mu NAS amagwira ntchito mothandizana m'dongosolo lotchedwa RAID. Pa bokosi la madisiki awiri, kawirikawiri chilichonse cholembedwa pa ina chimalembedwanso pa inzake, kuti ina ikafa mafayilo asapite nayo. Magetsi akathima bokosi lili pakati polemba, silikhalanso ndi chitsimikizo kuti madisiki awiriwo akufanana. Likayaka, nthawi zambiri limayamba kuwayerekeza. Masamu ake ndi osavuta: disiki ya 4 TB yowerengedwa pa liwiro la 100 MB pa sekondi imafuna maola pafupifupi 11, ndipo anthu akamaligwiritsa ntchito nthawi yomweyo maolawo amachuluka. Tsono magetsi akathimanso ntchito isanathe, kapena mwini akatopa ndi phokoso n'kuzula chingwe, bokosi limapatsidwanso chifukwa china chokayikira madisiki ake. Limatha sabata likuyambiranso ntchito imodzimodzi, ngati munthu wokolopa nyumba imene ana akulowamo ndi matope. Dziko lino linaona kuthimathima kwa magetsi kotere mu 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, koma ngakhale chaka chabwino mphezi za dzinja zimakwanira kuyambitsa zimenezi.

Chizindikiro chake n'chosabisika. Pa Synology, tsamba la Storage Manager limalemba kuti likuunika madisiki, ndipo mu top mumaoneka dzina lokhala ngati md2_resync. Kulemba cat /proc/mdstat kumaonetsa pamene ntchito yafika ndi mphindi zimene zatsala. Mankhwala ake si pulogalamu ayi, koma UPS, chipangizo cha batire chopereka magetsi akathima, ndipo osati UPS iliyonse: ikhale yokhala ndi chingwe cha USB cholumikiza ku bokosi, kuti magetsi akathima iziliuza, ilo n'kumaliza zolemba zake n'kudzitseka bwinobwino batire lisanathe. Bokosi la madisiki awiri silidya magetsi ambiri, kawirikawiri mawati ake sapitirira makumi atatu, choncho amene ali ndi sola ndi batire angachite bwino kuliika kumeneko pamodzi ndi rauta. Munthu amene watha kugula NAS koma osagula UPS wagula theka la chipangizo.

Wa ikakwera koma palibe kuunika kulikonse kumene kukuchitika, maso atembenukire ku madisiki eni ake. Disiki yodwala imayesa kuwerenga malo amodzi kambirimbiri isanayankhe, ndipo bokosi lonse limaima kuidikira. Disiki iliyonse imasunga kaundula wa umoyo wake wotchedwa S.M.A.R.T., ndipo mizere iwiri ndiyo yoyenera kuiyang'anitsitsa: wa nambala 5, wowerenga malo amene anaonongeka n'kusinthidwa, ndi wa nambala 197, wowerenga malo amene akukayikitsa. Pa disiki yabwino yonse iwiri imakhala pa ziro. Ikamakwera sabata ndi sabata, choyamba ndi kukopera mafayilo ofunika kwina, kenako kusintha disiki. Pogula ina, ndi bwino kufunsa ngati ndi ya mtundu wa CMR kapena SMR. Ya SMR imalemba mizere yake mosanjikiza ngati malata a padenga, motero kusintha mzere umodzi kumafuna kulembanso oyandikana nawo, ndipo imachedwa koopsa pomanganso RAID. Mu 2020 zinadziwika kuti madisiki ena a WD Red, ogulitsidwa ngati a NAS, anali a mtundu umenewu, ndipo ogula ambiri anadandaula.

RAM ikachepa zizindikiro zimafanana ndi zomwezi. Bokosi limayamba kubwereka malo pa disiki kuti lisungepo zimene zikanakhala mu RAM, ndipo dzina lakuti kswapd0 limakwera pa mndandanda. Kuchotsa mapulogalamu amene anangoikidwa poyesa n'kuiwalika kumathandiza nthawi yomweyo.

Kenako pali kutentha, kumene munthu wa ku Dedza sangakuganizire msanga koma wa ku Linga kapena ku Benga amakudziwa bwino mu Okutobala ndi Novembala. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera liwiro kuti isapse, ndipo ntchito yomwe ija imayamba kuoneka ngati yadzaza purosesa yonse. Wolemba nkhani ino anatsegulapo bokosi lina m'ofesi ya malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Linali m'kabati yotseka, pansi pa denga la malata lopanda siling'i. Kuseri kwake, pamene mpweya umatulukira, panali chinsalu chokhuthala cha fumbi, ulusi wa kangaude ndi nkhungu zouma, tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi n'kudzadzazana pa getsi lililonse. Mapiko a fani anali atamatira zomwezo moti inkazungulira mokoka. Burashi yofewa, kupemerera pang'ono, ndi kulitulutsa m'kabati kuliika pa shelefu podutsa mphepo zinatsitsa kutentha kwa madisiki tsiku lomwelo. Storage Manager imaonetsa kutentha kwa disiki iliyonse. Ikamakhala pamwamba pa madigiri 50 tsiku lonse, malo amene bokosi lakhala ndi olakwika. Nsalu yoluka imene ena amafunditsa bokosi poopa fumbi ichoke.

Chifukwa china ndicho choopsa, ngakhale sichichitika kawirikawiri. Akuba a pa intaneti amasaka mabokosi a NAS chifukwa amakhala oyaka nthawi zonse ndipo palibe amawayang'ana. Akalowamo amaikamo pulogalamu yokumba ndalama za pa intaneti, purosesa n'kumagwirira ntchito mlendo pa magetsi a mwini nyumba. Mu Januwale 2021 a QNAP anachenjeza za pulogalamu yotere yotchedwa dovecat, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anachenjezanso za ina yodzibisa ndi dzina lakuti oom_reaper, imene inkadya pafupifupi theka la mphamvu ya purosesa. Ena sakumba ndalama koma amakhoma mafayilo n'kufuna dipo, monga zinachitikira ndi mapulogalamu a SynoLocker mu 2014 ndi DeadBolt mu 2022. Pa nthawi imene mafayilo akukhomedwa purosesa imakweranso, ndipo mayina a mafayilo amayamba kusintha. Apa pokha ndi pamene kuthimitsa bokosi msanga kuli koyenera.

Dzina lachilendo likakhala pamwamba pa mndandanda, kapena bandulo ikamatha msanga popanda wotsitsa kanthu, chingwe cha intaneti chichotsedwe ku rauta, kenako kaundula wa olowa m'bokosi awerengedwe. Mizere mazanamazana ya anthu olephera kulowa ndi dzina lakuti admin imasonyeza kuti khomo lili poyera. Akaunti imeneyo itsekedwe n'kupanga ina ya dzina lina ndi pasiwedi yaitali, UPnP, imene imatsegula yokha makomo a pa intaneti, ithimitsidwe pa rauta, DSM kapena QTS ikhale yatsopano, ndipo SSH imene inatsegulidwa pofufuza itsekedwenso ntchito ikatha. Bokosi limene latsimikizika kuti munalowa mlendo silidalirikanso mpaka mafayilo atakoperedwa kwina ndipo pulogalamu yake yonse itaikidwa mwatsopano.

Zonsezi zikaunikidwa koma osapeza cholakwa, chotsala ndi ndandanda ya ntchito zimene bokosi limadzichitira lokha: kusaka mavairasi, kutumiza makope ku Google Drive kapena ku disiki yakunja, ndi kuunika madisiki kwa mwezi ndi mwezi. Kawirikawiri zimapezeka kuti zonse zinaikidwa pa ola limodzi, kapena kuti kutumiza makope kumaduka netiweki ikagwa n'kumayambiranso. Kuzimwaza pa masiku osiyana, usiku pamene ofesi yatsekedwa, kumathetsa zambiri. Posintha zinthu, chisinthidwe chimodzi pa nthawi, bokosi lipatsidwe tsiku lathunthu, ndipo nambala ya us ndi ya wa zilembedwe m'kope m'mawa ndi madzulo pamodzi ndi maola amene magetsi anathima.