MSANA WA AMAI NDIWO CIKUKU CA MWANA WOLEMALA

Mwana acoka kumsana kwa amake akafika zaka ziwiri kapena zitatu. Mwana wolemala miyendo sacokako. Afika zaka 8 akali m'citenje, ndipo amai omwewo ndiwo am'bereka popita kucimbudzi, kuchalichi ndi kucipatala. Alendo akafika pakhomo afunsa za mwana. Ali ocepa amene afunsa m'mene amaiwo aukira.

Taonani za mwana wobadwa ndi mapazi opindika. Cilema cimeneci cicizika, ndipo cipatala ca Beit CURE mu Lusaka, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2006, cidziwika ndi nchito yotere. Koma njira yake, yochedwa Ponseti, ilira kupirira. Phazi liikidwa m'cikhakha cimene cisinthidwa mlungu uliwonse, kasanu kapena kuposerapo. Pambuyo pake mwana avala nsapato zolumikizidwa ndi citsulo maola 23 pa tsiku kwa miyezi itatu, kenaka usiku wokha kufikira zaka 4 kapena 5. Ulendo uliwonse ndi ndalama za basi, ndi tsiku limene munda sunapalilidwe, kapena thebulo la kumsika lakhala lopanda mwini. Banja likalephera kupitiriza, phazi libwerera mwakale, ndipo mlandu ugwera amai kuti ndi osasamala.

Wolemera koposa ndi mtolo wa makolo a mwana amene ubongo wake unavulala, matenda amene madokotala awacha cerebral palsy. Abwera cifukwa ca kucedwa kupuma pobadwa, cikasu coopsa ca khanda, kapena malungo okwera kumutu. Si ufiti, ndipo si cilango ca cigololo monga anena ena m'midzi. Komabe mau otere apasula maukwati, nasiya mkazi yekha ndi mwana wofuna kudyetsedwa, kusambitsidwa ndi kutembenuzidwa usiku. Tulo tisowa, msana uwawa, anzake a kucitsime ayamba kum'talikira.

Boma silinakhale cete. Lamulo la anthu olemala la 2012 liletsa tsankho, ndipo ndalama za Social Cash Transfer, zimene zinayambira ku Kalomo mu 2003, ziperekedwa zoculukirapo ku banja lokhala ndi munthu wolemala kwambiri. Ndalamazo zigula ufa ndi sopo. Mpumulo sizigula: umenewo ucokera kwa atate, azakhali ndi anansi amene avomera kutsala ndi mwana tsiku limodzi pa mlungu.

Pali cithandizo cina cimene anthu acipeputsa cifukwa ca maonekedwe ake. Kagulu ka APTERS mu Lusaka kapanga mipando ndi zoimiriramo za ana olemala ndi makatoni ndi mapepala akale omata pamodzi, kolingana ndi msinkhu wa mwana aliyense. Mwana akakhazikika mumpando wotere aona anzake akusewera pabwalo, adya osatsamwa kawirikawiri, ndipo amake aphika nsima ndi manja onse awiri.