Mfuti Pakhomo ndi Moyo wa Amayi

Anthu a kugombe la kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa, monga ku Kachulu m'boma la Zomba, mfuti amaidziwa. Alenje ena amasakira mbalame m'madambo a nyanjayi. Ndiponso kaamba ka nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha m'chaka cha 1992, mfuti zambiri zidalowa m'dziko muno mozemba. Mfuti ikamagona m'nyumba mmene muli nkhanza, amene ali pangozi yaikulu ndiye mayi wa m'nyumbamo.

M'chaka cha 1996 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti chiwawa ndi vuto la umoyo wa anthu. Monga kolera, chili ndi magwero ake, zizindikiro zake ndi njira zochipewera. M'chaka cha 2013 bungweli lidapeza kuti mwa amayi 100 ophedwa pa dziko lapansi, 38 amaphedwa ndi amuna awo kapena zibwenzi zawo. Kafukufuku wa ku America wa 2003 adaonetsa kuti mwamuna wankhanza akakhala ndi mfuti, ngozi yoti aphe mkazi wake imakula kasanu.

Imfa yotere sidza modzidzimutsa. Amayamba ndi matonzo, nsanje ndi kumenya. Kenaka mwamuna amatulutsa mfuti pamkangano kapena kunena kuti adzapha. Zikafika apa, ankhoswe ndi anyakwawa sayenera kungoti banja ndi kupirira. Ngakhale mfuti isalire, mayi wokhalira kuopsezedwa amasowa tulo, amadwala maganizo, ndipo ana ake amakula ndi mantha.

Mayi akawomberedwa, omuthandiza ayenera kupsinja bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera kuti magazi aleke. Asayese kuchotsa chipolopolo kapena kuthira mankhwala azitsamba pabala, poopa kafumbata. Athamangire naye kuchipatala msanga, pakuti bala looneka laling'ono likhoza kumataya magazi m'kati. Mabala aakulu amafunika opaleshoni pa chipatala chachikulu cha Zomba.

Lamulo la mfuti la 1967 limaletsa kusunga mfuti popanda chiphaso, ndipo lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limalola bwalo la milandu kulamula wankhanza kuti asayandikire amene akumuzunza. Mayi woopsezedwa, mbale wake kapena mlangizi wa zaumoyo akanene msanga kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit, mfutiyo isanalire.