Kugawika kwa Fedora: Njira Yosamutsira Makompyuta Akale

Pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta ikagawika m'nthambi zingapo, funso loyamba limene eni ake amakumana nalo ndi lakuti: kodi anthu amene ali kale ndi mtundu wakale adzalowa nthambi iti? Nkhani imeneyi inavutitsa akatswiri a Fedora m'caka ca 2014, ndipo zimene anacita zimaphunzitsa zambiri kufikira lero.

Fedora ndi umodzi mwa mitundu ya Linux, pulogalamu imene a Linus Torvalds a ku Finland anayamba kulemba mu 1991. Malangizo onse amene amaiyendetsa ali poyera, cotero munthu aliyense ali ndi ufulu wowawerenga, kuwasintha ndi kugawirako anzake. Nchito ya Fedora imathandizidwa ndi kampani ya Red Hat ya mu mzinda wa Raleigh ku America.

Kufikira pa Fedora 20, imene inatuluka mu Disembala 2013, pulogalamuyi inali imodzi. Koma pansi pa cikonzero cochedwa Fedora.next, cimene a Matthew Miller anali patsogolo kucilimbikitsa, anagwirizana zoigawa patatu. Pa 9 Disembala 2014 panatuluka Fedora 21 yokhala ndi nthambi izi: Workstation ya makompyuta a pa tebulo ndi a m'manja, Server ya makina osungira zinthu za mabungwe, ndi Cloud ya makina obwereka pa intaneti.

Nthambi zonse zitatu zinali kutapa mapulogalamu m'nkhokwe imodzi. Kusiyana kwake kunali pa mapulogalamu amene amaikidwa poyamba ndi pa makonzedwe ake. Mwacitsanzo, Workstation inabwera ndi GNOME 3.14, ndipo firewall yake inasiya makomo a manambala opitirira 1024 ali otsegula. Server inabwera ndi Cockpit, cida coyang'anira makina ali patali.

Vuto linali lakuti kompyuta ya Fedora 20 inalibe cizindikiro cosonyeza nthambi imene iyenera kulowa. Akatswiri akanasankhira anthu mongoganizira, makina osunga mafaelo a bungwe akanatha kudzazidwa ndi mapulogalamu ndi makonzedwe oyenera kompyuta ya pa tebulo.

Pa cifukwa cimeneci anaganiza zosiya cisankho m'manja mwa mwini kompyuta. Cida cosamutsira cochedwa fedup cinasinthidwa kuti cisayambe nchito munthu asanachule nthambi imene afuna. Kuwonjezera pa maina atatu aja, panaikidwa lacinai lakuti nonproduct, la anthu amene sanafune kulowa nthambi iliyonse, monga ogwiritsa nchito KDE ndi Xfce. Amenewa anangokonzeredwa mapulogalamu amene anali nawo kale popanda kuwaumiriza kulandira ena.

Nthawi nayo inali yowerengeka. Mwa lamulo la Fedora, mtundu uliwonse umasamalidwa kwa miyezi pafupi-fupi 13. Cisamaliro ca Fedora 20 cinatha mu Juni 2015, ndipo amene anatsalira sanalandirenso zigamba zotsekera mipata imene akuba a pa intaneti amalowerapo. Pofika pa Fedora 23, kumapeto kwa caka comweco, fedup inapumitsidwa ndipo nchito yake inatengedwa ndi dnf system-upgrade. Mu 2025, pa Fedora 42, KDE Plasma inakwezedwa kukhala nthambi payokha, yolingana ndi Workstation.

Kumene njira yosamukira siinakonzedwe bwino, anthu anavutika. Mu Disembala 2020 kunalengezedwa kuti CentOS Linux 8, imene ambiri anali kuyembekezera kuigwiritsa nchito mpaka 2029, idzasiya kusamalidwa pa 31 Disembala 2021, ndipo mphamvu zonse zidzapita ku CentOS Stream. Mabungwe ambiri anatsala ndi caka cimodzi cabe kuti asamutse makina awo. Mu 2021 panabadwa AlmaLinux ndi Rocky Linux, ndipo zonse ziwiri zinapereka zida zosamutsira makina popanda kufufuta zimene zili mkati.

Kwa woyang'anira makompyuta pa sukulu, pa cipatala kapena mu ofesi, pali zinthu zinai zofunika kucita. Coyamba, adziwe tsiku limene mtundu wake udzasiya kusamalidwa. Caciwiri, alembe nchito imene kompyuta iliyonse imagwira, pakuti nchito ndiyo imasonyeza nthambi yoyenera. Cacitatu, asunge kope la mafaelo onse pa malo ena, kenaka ayambe wayesa pa kompyuta imodzi asanakhudze zinzake.

Cacinai cikhudza magetsi. Kusamutsa kumalemba mafaelo masauzande ambiri, ndipo magetsi akazima nchito ili pakati, kompyuta ingathe kulephera kuyakanso. M'madera amene magetsi amazima-zima, ndi bwino kuyamba nchitoyi batire ili yodzaza, ndiponso pa nthawi imene ofesi siikudalira makinawo.