Ngozi ikagwa, adzauza ndani?

Amayi anzanga, m'mphakati mwanu mukadzagwa zadzidzidzi usiku, uthenga udzayenda bwanji? Funsoli tiliyankhe lero, mvula isanayambe.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo madera ambiri anakhala mumdima. Mafoni anazima pa nthawi imene ankafunika kwambiri. Mu Malichi chaka chomwecho kolera anapezeka pachipatala cha boma cha Machinga, ku Liwonde, kenako anafalikira dziko lonse. Mu Malichi 2023 kunabwera Freddy. Pa nthawi ngati zimenezi mayi woyembekezera sasiya kudwala chifukwa mlatho wakokoloka, ndipo munthu wotsekula m'mimba kwambiri akhoza kumwalira tsiku lomwelo.

Choyamba, lembani manambala papepala. Foni ikazima imazima ndi manambala ake. M'kope la bungwe mukhale nambala ya mlangizi wa zaumoyo, ya chipatala chapafupi, ya mfumu, ya komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, ndi ya anthu awiri a njinga yamoto amene avomera kudzutsidwa usiku. Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, chimapereka malangizo aulere.

Chachiwiri, gawanani makomo. Mayi mmodzi akhale ndi makomo asanu oti adzawadziwitse, pafoni kapena pa mwendo. Okalamba, olumala ndi amayi oyembekezera akhale oyamba pamndandanda. Gwirizanani ndi bambo mfumu kapena akatekisiti za kaimbidwe ka belu kosiyana ndi ka Misa, kotanthauza kuti thawirani kumtunda. Malo othawirako adziwike ndi ana omwe.

Chachitatu, uthenga ukhale waufupi: chachitika n'chiyani, kuti, kwa anthu angati, ndipo chikufunika n'chiyani. "Mayi wataya magazi atabereka, m'mudzi wakuti, pafupi ndi chigayo, tikufuna galimoto." Namwino akamva zotere amakonzeka wodwala asanafike.

Chachinayi, sankhani komvera. Machenjezo a nthambi yoona zanyengo amaulutsidwa pa MBC, Radio Maria ndi mawailesi ena, choncho sungani mabatire. Zobwera pa WhatsApp musazitumize musanafunse a zaumoyo. Mphekesera zoti kuchipatala akupha anthu zinachititsa ena kubisa odwala kolera mpaka mochedwa.

Amayi a m'mbali mwa Shire, Rivirivi ndi nyanja ya Chilwa, mwezi wachisanu ndi chinayi ukakwana pitani kukadikirira kuchipatala. Musadikire kuti matenda akuyambireni kutsidya kwa mtsinje.

Pa msonkhano wotsatira wa Amayi Akatolika, patulani mphindi makumi atatu. Lembani mayina, gawanani makomo, ndipo yeserani kamodzi kuti muone ngati uthenga ukufika pa khomo lomaliza.